Ambulera ya pa Pepala

Mtsikana wa inshuwalansi ku Braamfontein
atatchula ambulera, ndinasuzumira pawindo.
Kunja kunali ngwee. Julayi wa ku Joni,
wong'amba milomo, wopanda ndi kamtambo komwe.
Ndinati, Mwanawe, maambulera ndili nawo awiri,
ndinagula pa Bree kwa mnyamata wa ku Namwera,
ina idathyoka nthiti ndi matalala a chaka chatha.

Anaseka, Refilwe dzina lake, nakoka pepala.
Anajambula kanyumba, najambula kagalimoto,
nalemba mzere pamwamba pa chilichonse.
Zimene mumalipira kale, mayi, zimalekeza apa.
Khoti likatchula ndalama yodumpha mzerewu,
yotsalayo ikafunidwa m'thumba mwanu.
Kenako anakoka uta waukulu wokuta zonse ziwiri.
Iyi siphimba katundu wanu, anatero.
Imaphimba inu, tsiku limene chanu chapweteka wina.

Ndinakumbuka a Mlauzi a ku Rosettenville.
Zaka makumi awiri akuwotcherera mageti a eni,
mpaka nawonso kugula nyumba yokhala ndi mpanda.
Mpandawo unali ndi mng'alu wolowa chala.
Ndikonza Disembala, ankatero. Ndikonza Isitala ikapita.
Unagwa Lachiwiri, mvula itakata kale,
pa munthu wongodzidutsira,
dokotala wa mano wochokera kogula buledi.
Dzanja lake lamanja silinagwirenso chitsulo.
Maloya anakhala pansi kuwerenga
mano onse amene dzanjalo likanazula
kufikira mwini wake atachita imvi.
Inshuwalansi inalipira pofika mzere, nisamba m'manja.
Lero a Mlauzi amachita lendi kachipinda ka kuseri
kwa nyumba imene anaipenta okha.

Ine nditatsika basi pa Park Station
ndinali ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya msuweni
yomwe sinkayankhidwa.
Akanandisumira ndani? Akanalanda chiyani, bulangete?
Umphawi nawo ndi mpanda, ngakhale wozizira.

Koma makina osokera anabala ena,
ena aja anabala nyumba ku Turffontein.
Muli galu, Adaniwo, wodana ndi aliyense wovala chipewa.
Muli mtengo wa jakaranda wotsamira denga la a Petersen
ngati woledzera pa phewa la mnzake.
Muli Lufeyo, mwana wanga, laisensi ya miyezi inayi,
amene amadutsa ku Sandton pakati pa magalimoto
oti limodzi lokha likhoza kugula mzere wathu wonse.
Ndipo ku Lunzu kuli maziko ofika pawindo
omwe ndimawaona pa foni usiku tulo tikakana.

Ndinafunsa, Nanga ndikamuswa dala munthu ndi mpando?
Anati, Pamenepo sitikudziwani.
Nanga alendi anga atatu a kuseri?
Anati, Atchuleni lero, polemba pano,
osati tsiku la moto.
Nanga mtengo?
Anatchula ndalama yosafika nkhuku ziwiri pamwezi.
Ndinakwiyabe.
Kulipirira tsoka lomwe silinabadwe
kuli ngati kusokera maliro a munthu ali moyo.

Cholembera chinali chomangidwa ndi kachingwe,
ngati nachonso akuopa kuti wina achilanda.
Ndinachigwira nthawi yaitali.
Chaona mnzako, amatero,
koma mnzangayo ndimakhala naye benchi imodzi kutchalitchi,
ndipo nsapato zake ndimaziona.

Ndinasaina.

Mu takisi yobwerera ndinapinda pepalalo kanayi
ndi kulilowetsa mu bulauzi.
Silinalemere. Silinatenthe.
Kumwamba kunali kobiriwirabe, kopanda mlandu.

Nditafika sindinalowe m'nyumba.
Ndinayenda ndi mpanda wanga kuyambira pageti,
chikhatho chili pa njerwa,
galu akunditsata modabwa,
mpaka pakona, pafupi ndi mpopi,
pomwe chala changa chinalowa.